Zomwe zimachititsa gilayinda kuluma ndi kunjanja pokonza zipangizo za ulimi

Mawu oyamba

Ulimi wa m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhotakota umadalira zipangizo zachitsulo zomwe zimafuna kunola ndi kukonza kawirikawiri. Alimi a mpunga kusikimu ya Bua amafuna makasu ndi zikwakwa zakuthwa, odula nzimbe ku Dwangwa amafuna zikwanje, ndipo pafupifupi banja lililonse limapita kuchigayo ndi chimanga kapena chinangwa cha kondowole. Magulu opanga ufa woyera wa chinangwa amadaliranso makina okhutira chinangwa, ndipo ntchito yawo siidikira: chinangwa chimayenera kusendedwa, kukhutidwa, kufinyidwa ndi kuumitsidwa pasanathe maola 24 chikumbidwire. Makina akaima tsiku limodzi, chinangwa chomwe chakumbidwa kale chimasasa kapena kuda, ndipo ufa wake sugulidwa pamtengo wabwino.

Ntchito yokonza zipangizozi imagwiridwa ndi amisiri owotcherera zitsulo a paboma, ku Mkaika, ku Benga, ku Dwangwa ndi m'misika ina ya mumsewu wa M5. Chida chawo chachikulu ndi gilayinda. Mavuto awiri amabwera mobwerezabwereza pa chida chimenechi. Loyamba ndi kuluma, pamene disiki ikodwa m'chitsulo ndipo gilayinda imadumpha kapena kubwerera kwa mmisiri. Lachiwiri ndi kunjanja, pamene disiki imagunda chitsulo modumphadumpha n'kusiya timizere tokwera ndi totsika ngati malata. Nkhaniyi ikufotokoza gwero la mavuto awiriwa ndi ndondomeko yowafufuzira, kuti ithandize amisiri, eni zigayo ndi alangizi a zaulimi.

Liwiro la disiki ndi mphamvu zake

Gilayinda yam'manja yaing'ono, ya disiki ya mamilimita 115, imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi, kutanthauza maulendo oposa 180 pa sekondi. Pa liwiro limeneli m'mphepete mwa disiki mumayenda mamita pafupifupi 66 pa sekondi, omwe ndi makilomita pafupifupi 240 pa ola. Gilayinda yaikulu, ya disiki ya mamilimita 230, imazungulira maulendo pafupifupi 6,500 pa mphindi. Madisiki ambiri a magilayinda am'manja amapangidwa kuti asapitirire mamita 80 pa sekondi, ndipo malirewa amalembedwa pa disiki pomwepo: maulendo 13,300 pa mphindi pa disiki ya mamilimita 115, ndi maulendo pafupifupi 6,600 pa ya mamilimita 230.

Ziwerengerozi zikuonetsa zinthu ziwiri. Choyamba, disiki ya mamilimita 230 ikaikidwa pa gilayinda yaing'ono atachotsa chotchinga, m'mphepete mwake mumayenda mamita oposa 130 pa sekondi, liwiro lomwe lingathe kuiphwanya isanakhudze n'komwe chitsulo. Chachiwiri, kusiyana pang'ono kwa kulemera kwa mbali za disiki kumabala mphamvu yaikulu. Disiki ikabenthuka n'kutaya galamu imodzi pa mtunda wa masentimita 5 kuchokera pakati, pa maulendo 11,000 pa mphindi imakokera mbali imodzi ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 7, ndipo mbali yokokerayo imazungulira limodzi ndi disiki. Ndicho chifukwa chake kabenthu kooneka kachabe kamanjenjemeretsa chida chonse mpaka manja kuchita dzanzi.

Kuluma kumayamba bwanji

Disiki imadya chitsulo ndi timiyala tating'ono tolimba tomwe tamatidwa pamodzi. Kamwala kalikonse kamapala kachidutswa kochepa kwambiri. Disiki ikakakamizidwa kudya chitsulo chochuluka nthawi imodzi, kapena ikapanikizidwa mbali zonse ziwiri, imaima mwadzidzidzi. Mphamvu ya mota imapitabe kwinakwake, choncho imatembenuza gilayinda yonse kulowera mbali yosiyana ndi kumene disiki imazungulirira. Izi zimachitika mofulumira kuposa momwe munthu angabwezere dzanja. Zinthu zisanu ndi chimodzi zimayambitsa kuluma kawirikawiri.

1. Kuimika kwambiri gilayinda. Disiki yopalira, yokhuthala mamilimita pafupifupi 6, iyenera kupendekeka madigiri 15 mpaka 30 kuchokera pachitsulo. Ikaimikidwa kupitirira apo, mphepete yake imalowa m'chitsulo ngati khasu m'dothi lonyowa.

2. Kukankhira kutsogolo disiki yatsopano. Disiki yatsopano imakhala ndi mphepete yakuthwa. Mmisiri ayambe ndi kuikokera kwa iye mwini mpaka mphepeteyo itapereseka ndi kubulungira, kenaka akhoza kuyendetsa mbali zonse ziwiri.

3. Kukumana ndi ngodya kapena mphepete ya chitsulo molakwika. Mbali ya disiki yomwe ikugwira ntchito iyenera kuzungulira ikutuluka pamphepete. Ikazungulira ikulowera pangodya imakodwa pomwepo. Msomali wa khasu, mano a makina okhutira chinangwa ndi mabowo a mahamala a m'chigayo ndi malo omwe kukodwa kumachitika kwambiri.

4. Mpata wodulidwa kutsekeka. Paipi kapena chitsulo chachitali chikagonekedwa pa zothandizira ziwiri kunsonga zake n'kudulidwa pakati, chimapindikira pansi ndipo mpata umapana disiki. Chitsulo chithandizidwe pafupi ndi podulapo, ndipo chidutswa chomwe chikuchoka chikhale ndi mwayi wogwera kunja kuti mpata uzitseguka.

5. Kupalira ndi disiki yodulira. Disiki yodulira ndi yopyapyala, mamilimita 1 mpaka 3, ndipo inapangidwa kuti idye ndi mphepete yokha. Ikagwiritsidwa ntchito cham'mbali imapindika, ulusi wolimbitsa wa m'kati mwake umapereseka, ndipo imaluma kapena kusweka.

6. Kuyatsa gilayinda disiki ili m'kati mwa mpata. Disiki iyenera kufika pa liwiro lake lonse isanakhudze chitsulo. Magetsi akazima ntchito ili m'kati, gilayinda ithimitsidwe ndi kutulutsidwa mumpata, chifukwa magetsi akabwerera idzayaka disiki ili yopanikizika.

Kunjanja kumayamba bwanji

Kunjanja kumadzikulitsa kokha. Disiki ikagunda kamalo kokwera imadumpha pang'ono, ndipo potsika imadya kwambiri n'kusiya kadzenje. Ikadutsanso pamalo omwewo imatsata kadzenje kaja ndi kukakulitsa. Posachedwa chitsulo chimadzaza ndi timizere, phokoso limasintha kukhala logogoda, ndipo disiki nayonso imapereseka mosafanana. Mmisiri akawonjezera mphamvu ya manja kuti athetse vutoli, nthawi zambiri amangolikulitsa. Gwero lake limapezeka pa malo anayi: pa disiki, pa kamangidwe kake, pa gilayinda yeniyeniyo, kapena pa chitsulo chomwe chikukonzedwa.

Pa disiki, vuto lingakhale kubenthuka, kupindika kapena kupereseka mbali imodzi. Lingakhalenso kutsekeka kwa timipata ta pakati pa timiyala. Zitsulo zofewa monga aluminiyamu, yomwe amapangira mapulopela ambiri a injini za maboti, zimamatirira pa disiki wamba ndipo disikiyo imayamba kutsetsereka ndi kugwira mosinthanasinthana. Penti, dzimbiri losakanikirana ndi girisi komanso zotsalira za chinangwa zimachitanso chimodzimodzi. Aluminiyamu imafuna disiki yake yolembedwa kuti ndi ya aluminiyamu, kapena tupa.

Pa kamangidwe, disiki imakhala pakati pa mbale yam'kati ndi nati yakunja, ndipo bowo lake ndi la mamilimita 22.23. Nati ya magilayinda ambiri ili ndi kamlomo kotukuka mbali imodzi. Pa disiki yokhuthala kamlomoko kalowe m'bowo la disiki. Pa disiki yopyapyala nati itembenuzidwe kuti kamlomoko kayang'ane kunja, apo ayi nati imalimba pa mbale yam'kati pamene disiki ikadali yogwedera. Kamchenga kamodzi kotsalira pansi pa mbale n'kokwanira kupendeketsa disiki.

Pa gilayinda, ma bearing akatha shafti imasewera. Gilayinda ikagwa pansi disiki ili pomwepo, shafti ikhoza kupindika pang'ono moti maso sangaone. Mabulashi a kaboni akatha, mota imagwira modukizadukiza ndipo mumaoneka moto wambiri m'mabowo olowera mpweya.

Pa chitsulo chokonzedwa, vuto lalikulu ndi kusamangidwa bwino. Khasu lopondedwa ndi phazi pamchenga, kapena lata logwiridwa ndi mwana wophunzira ntchito, limanjenjemera palokha. Chitsulo chimangidwe pa vayisi kapena ndi zopanira pa tebulo lolemera, ndipo malo opalidwa akhale pafupi ndi pomangirapo. Lata lopyapyala, monga la sefa ya chigayo, liikidwe pathabwa kuti thabwalo limwe kunjenjemera.

Zomwe malo a m'mphepete mwa nyanja amawonjezera

Madisiki a magilayinda am'manja amamatidwa ndi utomoni wopangidwa m'fakitale womwe umafooka ndi chinyontho ndi kutentha. Madisiki ambiri amadindidwa mwezi ndi chaka chothera ntchito pa mkombero wachitsulo wa pakati, ndipo nthawi yake ndi zaka zitatu kuchokera pomwe anapangidwa. Ku Nkhotakota mvula ndi yambiri ndipo mpweya umakhala wachinyontho kuyambira Disembala mpaka Epulo, nthawi yomweyo yomwe makasu amafuna kunoledwa kwambiri. Disiki yogona pansi m'shedi yaudzu kapena yopachikidwa pa msomali pakhoma lonyowa imapindika ndi kufewa tsiku lake lisanakwane. Madisiki asungidwe chogona pa thabwa losalala, m'bokosi louma, kutali ndi pansi.

M'miyezi ya mphepo ya mwera, mchenga wa kunyanja umauluka n'kulowa m'mabowo a mpweya a gilayinda, ndipo umadya ma bearing ndi mabulashi. Gilayinda isagonekedwe pamchenga, ndipo mabowo ake azipemereredwa kapena kupukutidwa ndi burashi youma pakutha pa tsiku.

Magetsi nawonso ali ndi mbali yake. Magilayinda ogulitsidwa m'dziko muno amafuna mavoti 230. Gilayinda yaing'ono imadya mawati 700 mpaka 900, pamene yaikulu imadya mawati 2,000 kapena kuposa. Jenereta yaing'ono, kapena nthambo yaitali yopyapyala yokokedwa kuchokera kunyumba ina, imachepetsa mphamvu yofika ku mota. Disiki ikangokhudza chitsulo liwiro limatsika, kamwala kalikonse kamayamba kudya kachidutswa kokulirapo, ndipo kuluma kumayandikira. Chizindikiro chake ndi kulira kwa mota komwe kumatsika kwambiri ngakhale mmisiri sakukanikiza. Jenereta ikhale yamphamvu yoposa bwino yomwe yalembedwa pa gilayinda, ndipo makina owotcherera asagwire ntchito nthawi imodzi pa jenereta yomweyo.

Mwala wonolera wa patebulo

Mwala wonolera wozungulira ndi mota, womangidwa patebulo, umazungulira maulendo pafupifupi 2,850 pa mphindi. Kuluma kwake kumachitika pamene chitsulo chikokedwa kulowa pakati pa mwala ndi kachitsulo kotsamiritsapo. Mpata wa pamenepo usapitirire mamilimita 3, ndipo uzichepetsedwa nthawi zonse pamene mwala ukupereseka, makina atathimitsidwa. Chitsulo chiziyendetsedwa uku ndi uku pankhope yonse ya mwala kuti pasakumbike ngalande pakati. Mwala wamtunduwu sunolera cham'mbali.

Mwala ukayamba kunyezimira ngati galasi ndiye kuti timiyala tabuntha. Umatenthetsa chitsulo m'malo mochidya, ndipo umanjanja. Upalidwe ndi chida chowongolera mwala mpaka nkhope yake itabwerera kukhala yokhakhala ndi yozungulira bwino. Mwala watsopano usanamangidwe upachikidwe pa chala kapena pa kamtengo n'kugogodedwa pang'ono ndi chigwiriro chamtengo cha sukuludilaiva. Mwala wabwino umalira ngati belu. Wong'aluka umalira mogonthera, ndipo uyenera kutayidwa.

Timano tozungulira ta m'malo opanikizika

Pokuza bowo kapena posalaza zowotcherera za m'kati mwa ngodya, amisiri ena amagwiritsa ntchito timano tozungulira ta chitsulo cholimba kwambiri, tokhala ndi mwendo wa mamilimita 6. Timanoti tinapangidwira makina othamanga maulendo 20,000 kapena kuposa pa mphindi. Tikaikidwa pa dirilo wamba, yemwe sapitirira maulendo 3,000 pa mphindi, dzino lililonse limaluma kwambiri, chida chimadumpha ndipo mano amabenthuka. Mwendo ulowe pafupifupi wonse m'chogwirira, chifukwa ukatuluka kwambiri umapindika ndi kunjenjemera. Mutu wa kachidaka usakhudze chitsulo kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a kuzungulira kwake. M'bowo lopanikiza musankhidwe mutu wocheperako. Kachidaka kayendetsedwe molimbana ndi kumene kakuzungulirira, chifukwa kakayendetsedwa motsatana nako kamathawa pamwamba pa chitsulo.

Ndondomeko yofufuzira vuto

Kufufuza kuyambe ndi zinthu zosafuna ndalama, ndipo kusinthidwe chinthu chimodzi nthawi imodzi kuti gwero lidziwike.

1. Pulagi ichotsedwe pamagetsi. Disiki iyang'anidwe ngati ili ndi mng'alu, kubenthuka, kupindika kapena chitsulo chomatirira, ndipo liwiro ndi tsiku lothera ntchito ziwerengedwe.

2. Disiki imasulidwe, mbale ndi nati zipukutidwe, ndipo nati ione mbali yoyenera.

3. Shafti igwedezedwe ndi dzanja. Ikamasewera cham'mbali kapena ikamalira mokhwekhwereza poizunguza, ma bearing asinthidwe.

4. Gilayinda iyatsidwe yopanda disiki, nati ndi mbale zitachotsedwa. Ikanjenjemerabe, vuto lili m'makina.

5. Disiki ina yabwino imangidwe, ndipo gilayinda ilire yokha kwa mphindi imodzi itayang'anitsidwa kopanda anthu. Kunjenjemera kukatha, disiki yoyamba ija ndiyo inali yolakwika ndipo iphwanyidwe kuti wina asaitole.

6. Gilayinda ikamayenda bwino yokha koma n'kumanjanja pachitsulo, kamangidwe ka chitsulocho kakonzedwe, kapendekedwe ka disiki kachepetsedwe, ndipo dzanja lipepuke.

7. Mota ikamafooka pongokhudza chitsulo, nthambo, jenereta ndi mabulashi ziyang'anidwe.

Timizere tomwe tapangika kale sitichoka popala motsatira njira yomweyo. Disiki idutse mopingasa timizereto, mopepuka, mpaka malowo atasalala.

Zipangizo zofuna chisamaliro chapadera

Makasu, zikwanje ndi nkhwangwa zimalimbitsidwa ndi moto popangidwa, ndipo kutentha kwa ponola kungachotse kulimbako. Mtundu wa chitsulo umauza mmisiri kutentha komwe chafika: mtundu wa udzu wouma umaoneka pa madigiri pafupifupi 230, ndipo wobiriwira ngati thambo pa madigiri pafupifupi 300. Mphepete ikafika pa mtundu wachiwiriwu yafewa, ndipo imabuntha msanga m'munda. Kunola kuchitike pang'onopang'ono motsatira kapendekedwe komwe chidacho chinabwera nako, chitsulo chiziviikidwa m'madzi chisanasinthe mtundu, ndipo ntchito imalizidwe ndi tupa. Madziwo akhale m'chidebe chapatali ndi gilayinda ndi nthambo zake. Chikwakwa cha mano sichinoledwa mbali ya mano.

Mahamala a m'chigayo amazungulira mothamanga kwambiri, choncho kulemera kwake kuyenera kufanana mbali zoyang'anizana. Pa chigayo chozungulira maulendo 3,000 pa mphindi, kusiyana kwa magalamu 10 pa mtunda wa masentimita 15 kuchokera pa shafti kumabala mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 15, yokoka mozungulira maulendo 50 pa sekondi. Mphamvu imeneyi imadya ma bearing, imamasula mabawuti ndi kung'amba sefa, ndipo tizidutswa ta chitsulo timathera mu ufa. Hamala ikabuntha, njira yoyamba ndi kutembenuza mahamala onse nthawi imodzi kuti ngodya zatsopano zigwire ntchito. Ngati apalidwa kapena kuwotchereredwa, ayezedwe pa sikelo ndi kugawidwa kuti magulu oyang'anizana alemere mofanana.

Makina okhutira chinangwa chopangira ufa wodyedwa amapangidwa ndi chitsulo chosachita dzimbiri m'malo okhudza chakudya. Disiki yomwe yagwirapo ntchito pa chitsulo wamba imasiya tizidutswa tomwe timadzachita dzimbiri ndi kudetsa ufa. Chitsulo chosachita dzimbiri chikhale ndi disiki yakeyake yolembedwa INOX, ndipo makina atsukidwe bwino asanabwerere ku ntchito.

Chitetezo

Chotchinga disiki ndi chogwirira cham'mbali zisachotsedwe, chifukwa ndizo zimapulumutsa nkhope ndi manja pamene disiki yaluma kapena kusweka. Gilayinda igwiridwe ndi manja awiri, ndipo mmisiri aime pambali, osati mumzere wa disiki. Magalasi oteteza maso avalidwe nthawi zonse. Galasi lakuda lowotcherera silionetsa bwino ntchito yopala. Mbaliwali zilozedwe kutali ndi denga laudzu, matumba a mpunga, ukonde ndi zigubu za petulo wa maboti. Makasitomala ndi ana aimirire patali. Kachitsulo kakalowa m'diso, munthu asatikite diso kapena kuyesa kukachotsa ndi kamtengo. Aphimbe disolo ndi nsalu yoyera ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kachitsulo kotsalira m'diso kamayamba dzimbiri m'maola ochepa.

Malangizo

Amisiri akulangizidwa kugula disiki yogwirizana ndi kukula ndi liwiro la gilayinda, kusiyanitsa madisiki odulira ndi opalira, kusunga madisiki pouma, ndi kukhala ndi vayisi yomangidwa pa tebulo lolimba. Eni zigayo akhale ndi sikelo yoyeza magalamu ndipo asinthe mahamala m'magulu. Magulu a alimi a mpunga ndi chinangwa apititse zipangizo zawo kokonzetsa ntchito isanapanikize, mwachitsanzo makasu mvula isanagwe ndi zikwakwa mpunga usanache, chifukwa mmisiri wothamangitsidwa ndiye amakanikiza disiki ndi kuwotcha mphepete. Alangizi a zaulimi athandize alimi kuzindikira ntchito yabwino polandira chida: mphepete yosalala, yopanda timizere ta malata ndiponso yosasintha mtundu.